Kugogoda mwala ndi kuwala: chinsinsi cha ufa wa cerium

Mukafuna kugula mphika wadothi pamsika wa Bolero kapena pa boma pa Rumphi, simudalira maso okha. Mumaunyamula n'kuugogoda ndi chala. Mphika wabwino umalira bwino, mawu ake amamveka patali. Wokhala ndi mng'alu, ngakhale mng'aluwo usakuoneka, umalira mosasa. Apa khutu limakuuzani zimene diso laphonya.

Akatswiri a sayansi nawonso amagogoda zinthu kuti adziwe za m'kati mwake, koma iwo amagogoda ndi kuwala. Njirayi imatchedwa Raman spectroscopy. Lero tiona mmene imagwirira ntchito pa chinthu chimodzi chimene mwina dzina lake simunalimvepo, chikhalirecho mumakhala nacho tsiku ndi tsiku. Chinthucho ndi cerium oxide. Nkhaniyi ikukhudza mpweya umene mumapuma m'mbali mwa msewu, mankhwala amene wina angadzakutsatseni mawa, komanso chuma chimene chili pansi pa nthaka ya dziko lino.

Cerium ali kale pakhomo panu

Cerium ndi chitsulo chofewa, chotuwa ngati siliva. Anachitulukira mu 1803. Ku Sweden anachipeza ndi Jöns Jacob Berzelius ndi Wilhelm Hisinger, pomwe ku Germany Martin Klaproth anachipezanso payekha chaka chomwecho. Chili m'banja la zitsulo 17 zimene mumamva pa wailesi akuzitchula kuti rare earths. Dzinali limapereka chithunzi choti n'zosowa, komatu cerium sasowa. M'nthaka ya dziko lapansi alimo wochuluka pafupifupi mofanana ndi kopa. Vuto lake n'lakuti amakhala womwazikana, ndipo kumulekanitsa ndi abale ake ndi ntchito yowawa komanso yodula.

Khasu likakhalitsa panja limachita dzimbiri lofiira chifukwa chitsulo chake chagwirana ndi okosijeni wa mumpweya. Cerium naye akagwirana ndi okosijeni amasanduka ufa wachikasu chotuwira. Ufa umenewu ndiwo cerium oxide, ena amangoti ceria.

Ngati munaonapo nyali za asodzi a usipa zitandandalika usiku panyanja ku Chitimba kapena ku Mlowe, ndiye kuti ntchito ya cerium munaiona kale. Nyali zopopa zija za parafini zili ndi kansalu koyera m'kati kamene kamawala kakatentha. Kansalu kameneka kanakonzedwa ndi katswiri wa ku Austria, Carl Auer von Welsbach, amene mu 1891 anapeza kuti magawo 99 a thorium oxide akasakanizidwa ndi gawo limodzi lokha la cerium oxide, kuwala kumakhala koyera ndi kwamphamvu.

Masiku ano asiginala ambiri akusiya parafini n'kumagwiritsa ntchito mababu a LED oyendera batire. Nawonso cerium sanamuthawe. Tayang'anani tochi ya foni yanu itazima. Muona kadontho kachikasu. Pansi pa kadonthoko pali kababu kotulutsa kuwala kwa buluu, ndipo utoto wachikasuwo, umene kawirikawiri umakhala ndi cerium, ndiwo umasandutsa kuwalako kukhala koyera.

Kamwala kothetheka moto m'laita yoyatsira mbaula nako ndi cerium wosakaniza ndi chitsulo wamba, luso la Auer yemweyo la mu 1903. Mandala a maso, galasi la foni ndi magalasi ambiri a makina oonera tizilombo ta malungo kuchipatala amasalazidwa ndi ufa wa ceria. Ndipo galimoto zogwiritsidwapo kale ntchito zochokera ku Japan, zimene zimatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowa m'dziko muno pa Songwe, zimakwera phiri la Chiweta zitanyamula ufa womwewu m'kabokosi ka paipi yotulutsira utsi, kotchedwa catalytic converter.

Nkhokwe ya okosijeni

Kodi ufa umenewu uli ndi chiyani kuti uzifunidwa chonchi?

Mukanakhala ndi maso otha kuona maatomu, mukanaona kuti m'kati mwa kambulu kalikonse ka ufawu zinthu zinayalidwa mwadongosolo ngati njerwa za khoma. Atomu iliyonse ya cerium yazunguliridwa ndi maatomu 8 a okosijeni. Chodabwitsa n'chakuti khoma limeneli limalola kusololapo njerwa zina koma osagwa. Pamalo pakasowa okosijeni, ufawu umatulutsako wake n'kusiya mipata. Okosijeni akachuluka, umamutenganso n'kutseka mipata ija. Uli ngati nkhokwe imene imadzaza nthawi yokolola n'kudzapulumutsa banja mu Januwale ndi Febuluwale.

Taganizirani dalaivala wa galimoto ya petulo amene akukwera Chiweta. Akaponda moto, injini imalandira mafuta ambiri koma mpweya wochepa, choncho utsi umadzaza ndi carbon monoxide, mpweya wakupha womwe uja umagonetsa anthu mpaka kalekale akalowetsa mbaula ya makala m'nyumba yotseka. Pa nthawi imeneyi ceria amatulutsa okosijeni wake, ndipo tizitsulo ta platinum, palladium ndi rhodium timene tili m'kabokosi kaja timagwiritsa ntchito okosijeniyo posandutsa utsi woopsawo kukhala carbon dioxide. Dalaivala akachotsa phazi, mpweya umachuluka ndipo nkhokwe imadzazanso. Zimenezi zimachitika kambirimbiri pa ulendo umodzi. Amene amachotsa kabokosi kameneka m'galimoto kuti akagulitse tizitsulo tija amasiya ana ogulitsa nthochi ndi nsomba m'mbali mwa M1 akupuma utsi wosasefa.

Tsono kuchuluka kwa mipata kumadalira kukula kwa timibulu ta ufawo. Alimi a khofi a ku Phoka ndi Mphompha akudziwa kuti njere yathunthu mukaiponya m'madzi otentha simumva kukoma, koma yopera imatulutsa fungo nthawi yomweyo, poti madzi akukhudza mbali zambiri. Ceria nayenso akakhala m'timibulu tating'ono kwambiri, maatomu ake ambiri amakhala kunja, ndipo akunjawo ndiwo amataya okosijeni mosavuta. Timibulu timeneti amatitcha nanoparticles chifukwa timayezedwa m'mananomita. Nanomita imodzi ndi milimita imodzi yogawidwa ka 1 miliyoni. Tsitsi limodzi la munthu ndi lonenepa mananomita pafupifupi 80,000, pomwe timibulu ta ceria timene amapanga m'malabotale timatha kukhala mananomita 5 kapena 10 okha.

Apa ndiye pagona vuto. Mabotolo awiri a ufa wachikasu, olemera mofanana, okhala ndi dzina limodzi, angathe kugwira ntchito mosiyana kotheratu chifukwa wina uli ndi mipata yambiri, wina yochepa. Diso silingaone kusiyanako, sikelo nayo singakuuzeni. Pamafunika chogogodera.

Kalaliki wa zachuma amene ankamvetsera ng'oma

Chogogoderacho chinachokera ku India. Chandrasekhara Venkata Raman anabadwa mu 1888, ndipo ntchito yake yoyamba inali ya mu dipatimenti ya zachuma m'boma la atsamunda ku Calcutta, mzinda umene lero umatchedwa Kolkata. Sayansi ankachita m'mamawa asanapite kuntchito ndi madzulo akaweruka, pa malo otchedwa Indian Association for the Cultivation of Science. Zina mwa zimene anayamba kufufuza zinali zoimbira, kuphatikizapo ng'oma za kwawo, pofuna kudziwa chimene chimachititsa kuti zizilira mmene zimalirira. Mu 1917 anasiya ntchito ya malipiro abwinoyo n'kukhala mphunzitsi pa yunivesite ya Calcutta.

Mu 1921, ali pa sitima ya pamadzi pa nyanja ya Mediterranean, anadabwa ndi kubiriwira kwa madziwo. Funso lake ndi lomwe mungadzifunse mutaima ku Khondowe n'kumayang'ana nyanja ya Malawi kumunsi. Anthu ophunzira a nthawiyo ankati nyanja imangoonetsa chithunzi cha thambo. Raman anaonetsa kuti madzi enieniwo amamwaza kuwala. Kuchokera apo iye ndi ophunzira ake anatha zaka akuwalitsa kuwala m'zinthu zamadzimadzi zosiyanasiyana, poyamba pogwiritsa ntchito dzuwa ndi magalasi osefa mitundu.

Pa 28 Febuluwale 1928, iye ndi mnzake K. S. Krishnan anatsimikiza kuti kuwala kwa mtundu umodzi kukadutsa m'chinthu, kagawo kochepa kwambiri kamatuluka katasintha mtundu. Akatswiri awiri a ku Moscow, Grigory Landsberg ndi Leonid Mandelstam, anaonanso zomwezi pa nthawi yomweyo. Mu 1930 Raman analandira mphoto ya Nobel, woyamba wa ku Asia kuilandira pa sayansi. Mpaka lero dziko la India limakumbukira 28 Febuluwale ngati tsiku la sayansi.

Makinawo amagwira bwanji ntchito?

Maatomu a m'chinthu chilichonse sakhala chete. Amanjenjemera, ndipo gulu lililonse la maatomu lili ndi kanjenjemeredwe kakekake, monga mmene ng'oma iliyonse ya vimbuza ilili ndi mawu ake. Woimba wozolowera amadziwa ng'oma imene ikulira ngakhale ali kuseri kwa nyumba.

Kuwala nako kumayenda m'timibulu totchedwa ma photon. Tiyerekeze kuti mukuponya timipira pa ng'oma. Timipira tambiri tidzanjanja n'kubwerera ndi mphamvu yomwe tinapita nayo. Koma kamodzi mwa apo ndi apo kadzasiyako mphamvu pang'ono pa chikopa, chikopacho n'kulira. Kampira kameneko kadzabwerera kofookerapo. Pa kuwala, kuchepa kwa mphamvu kumaoneka ngati kusintha kwa mtundu. Mukayeza mphamvu imene yatsalira, mwadziwa mawu a ng'omayo.

Timibulu tosintha mtunduti ndi tochepa zedi, pafupifupi kamodzi pa 10 miliyoni. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo akatswiri oyambirira ankadikira maola ambiri kuti chithunzi chimodzi chioneke. Zinthu zinasintha laser itapangidwa mu 1960, chifukwa imatulutsa kuwala kwamphamvu kwa mtundu umodzi wokha.

Lero katswiri amaika ufa wochepa ngati kambewu ka mchere pansi pa galasi lokulitsa, n'kuwalitsapo laser yobiriwira kapena yofiira. Kuwala kobwerera kumadutsa pa sefa imene imatsekereza kosasintha kuja, kotsalako kumagawidwa m'mitundu yake, ndipo kompyuta imajambula mzere wokhala ndi timapiri. Kaphiri kalikonse kamaima pa nambala yake. Dayamondi amaonetsa kaphiri kakuthwa pa 1332. Malasha amaonetsa timapiri tiwiri totambalala, kena cha pa 1350, kena cha pa 1590. Ntchito yonseyi imatha m'mphindi zochepa, ndipo chinthu choyezedwacho sichiphwanyidwa kapena kusungunulidwa. Makina ena ndi ang'ono moti amagwidwa m'manja. Galimoto yofufuzira ya Perseverance, imene inatera pa Mars mu Febuluwale 2021, ili ndi zida za Raman zoyezera miyala ya kumeneko.

Nambala ziwiri zofunika kuzikumbukira

Ceria wosaphatikiza, wa timibulu tikulutikulu, amaonetsa kaphiri kamodzi katali ndi kakuthwa cha pa 465. Amenewa ndi mawu a maatomu 8 a okosijeni aja akamafutukuka ndi kubwerera pamodzi mozungulira atomu ya cerium, ngati chifuwa cha munthu akamapuma. Katswiri akaona kaphiri kameneka kali kowongoka bwino, amadziwa kuti khoma lija ndi lathunthu.

Timibulu tikamachepa, kaphiriko kamasintha m'njira ziwiri. Kamatambalala, komanso kamasunthira ku nambala yotsikirapo. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Atomu imodzi ya okosijeni ikachoka, maatomu awiri a cerium oyandikana ndi mpatawo amasintha mkhalidwe, kuchoka pa umene akatswiri amaulemba kuti Ce4+ kupita pa Ce3+. Cerium wa mkhalidwe wachiwiriwu ndi wonenepa, choncho amakankha anzake ndipo khoma lonse limamasuka pang'ono. Ng'oma ikakhwefuka chikopa mawu ake amatsika, n'chifukwa chake oimba amaiwamba pamoto kuti ikungike. Ceria wokhwefuka naye amatsitsa mawu, ndipo makina amamva.

Nambala yachiwiri ndi 600. Cha pamenepa pamatuluka kachitunda kotambalala kamene kamaoneka khoma likakhala ndi zilema, makamaka zokhudza mipata ya okosijeni. Akatswiri amayerekeza kutalika kwa kachitundaka ndi kaphiri ka pa 465. Kachitunda kakamakula, ndiye kuti zilema zachuluka. Mwa njira imeneyi fakitale yopanga zosefera utsi imatha kusiyanitsa ufa wa nkhokwe yaikulu ndi wa nkhokwe yaing'ono. Ofufuza ena amaika ufawo m'kabokosi ka galasi, n'kumautenthetsa kwinaku akudutsitsamo mpweya wosiyanasiyana, ndipo amaonerera pa kompyuta nkhokwe ikukhuthuka ndi kudzaza.

Komabe makinawa amafuna munthu wodziwa. Mwala wa quartz, umene wadzaza mumchenga ndi mu nsangalabwi, uli ndi kaphiri kake kakakulu pa 464, pafupi kwenikweni ndi ka ceria. Wongophunzira kumene angasangalale kuti wapeza chuma pomwe wayeza mchenga wa mumtsinje wa South Rukuru. Wodziwa amayang'ananso timapiri tina ta quartz, cha pa 128 ndi 206, timene ceria alibe. Laser ikakhala yamphamvu kwambiri imatenthetsa ufawo n'kusuntha nambala, zotsatira n'kukhala zabodza. Mtundu wa laser nawo uli ndi gawo: ya ultraviolet imamva kwambiri za pamwamba pa kambulu, pomwe yofiira imalowa m'kati. Ndipo Raman amanena mmene maatomu akhalirana, osati kuchuluka kwa chitsulo chilichonse m'mwala. Pofuna kudziwa kuchulukako pamafunika makina ena, monga a X-ray. Lipoti lodalirika limachokera ku njira zingapo zogwirizana.

Mankhwala kapena poizoni?

Nkhokwe ya okosijeni ija yakopanso ofufuza za umoyo. M'thupi mwanu mumapangika tizinthu taukali totchedwa free radicals, timene tikachuluka timawononga maselo. Thupi lili ndi asilikali ake otichotsa. M'malabotale zaoneka kuti timibulu ta ceria timatha kutsanzira ntchito ya asilikali amenewa, posinthasintha pakati pa mikhalidwe iwiri ija. Pachifukwachi ofufuza akhala akutiyesa pa maselo ndi pa mbewa za m'labotale, poona ngati tingateteze maso, ubongo kapena kufulumizitsa kupola kwa zilonda.

Mbali inayo nayo ilipo. Kafukufuku wina pa makoswe waonetsa kuti timibulu timeneti tikapumidwa timatupitsa mapapo, ndipo tikalowa m'magazi timatha kukhala miyezi yambiri m'chiwindi ndi mu kapamba. Madokotala analembaponso za matenda a mapapo mwa anthu amene anagwira ntchito zaka zambiri mu fumbi kapena utsi wa rare earths, monga osalaza magalasi ndi ogwira ntchito m'malo osindikizira a kale.

Nanga zitheka bwanji kuti chinthu chimodzi chiteteze maselo kuno, kwina n'kuwawononga? Yankho lina lagona pa zomwe tafotokoza zija. Timibulu ta mananomita 5 tokhala ndi mipata yambiri si tofanana ndi ta mananomita 50 topanda mipata, ngakhale dzina ndi limodzi. Kapangidwe, kukula, chokutira kunja ndi mlingo, zonsezi zimasintha zotsatira. N'chifukwa chake wofufuza woona mtima amayamba wayeza timibulu take ndi njira ngati ya Raman asanabaye mbewa ngakhale imodzi.

Kwa inu owerenga, phunziro lake ndi ili: kafukufukuyu akadali m'malabotale. Wina akabwera pa tchalitchi, pamsika kapena pa WhatsApp ndi botolo lolembedwa kuti "nano" n'kumati limachiza shuga, khansa ndi kuthamanga kwa magazi nthawi imodzi, kumbukirani kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Funsani ngati mankhwalawo analembetsedwa ku bungwe loona za mankhwala la PMRA, ndipo musasiye mankhwala amene munalandira kuchipatala.

Kuwala kwa Raman komweku kumathandizanso kugwira mankhwala achinyengo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2017 kuti m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene, mankhwala amodzi mwa 10 alionse amakhala achinyengo kapena osafika pa mlingo. Ku Nigeria, bungwe la NAFDAC lakhala likugwiritsa ntchito makina a Raman a m'manja poyeza mapiritsi m'madoko ndi m'misika, nthawi zina osatsegula n'komwe paketi.

Kwa amene mukadali ndi nyali zopopa, nali chenjezo laling'ono. Tinsalu takale tinali ndi thorium, amene amatulutsa mphamvu ya radiation pang'ono. Tambiri ta masiku ano tilibe, komabe posintha kansalu kopserera musauzire phulusa lake, ana asaliseweretse, ndipo musambe m'manja musanadye.

Amene amayeza ndiye amatchula mtengo

Miyala yodziwika bwino ya rare earths m'dziko muno ili kumwera. Ku Kangankunde m'boma la Balaka kuli mwala wotchedwa monazite, ndipo kampani ya ku Australia ya Lindian Resources yakhala ikugwira ntchito kumeneko kuyambira mu 2022. Ku phiri la Songwe m'boma la Phalombe, losiyana ndi Songwe ya kumalire ija, kuli kampani ya Mkango Resources, imene inasainirana mgwirizano wa mgodi ndi boma mu Julaye 2024. Mu monazite, pafupifupi theka la rare earths yense amakhala cerium. Mwalawu nawo uli ndi mawu ake pa makina a Raman, cha pa 970.

Musathamangire kuwerengera chuma. Chifukwa chakuti cerium ndi wochuluka, ndiyenso mmodzi mwa otsika mtengo m'banja lake. Makampani amathamangira abale ake awiri, neodymium ndi praseodymium, amene amapangira maginito amphamvu a galimoto zamagetsi ndi makina opanga magetsi ndi mphepo. Ufa wamba wa cerium oxide umagulitsidwa madola ochepa chabe pa kilogalamu. Koma ufa womwewo ukayengedwa, n'kupangidwa timibulu ta kukula kodziwika, n'kuyezedwa ndi kupatsidwa chikalata, kabotolo ka magalamu ochepa kamadula kuposa makilogalamu ambiri a ufa wamba. Ntchito yoyenga rare earths, pafupifupi magawo 90 pa 100 alionse, imachitikira ku China. Ndalama zenizeni zimatsalira kumene kuli luso loyenga ndi loyeza.

Mlimi wa fodya wa ku Hewe kapena ku Mhuju nkhani imeneyi akuidziwa bwino. Amavutika kuyambira ku nazale mpaka ku chigafa, koma belo likafika ku okushoni ku Mzuzu, amene amatchula giredi ndiye watchula mtengo. Mlimi wodziwa kusankha masamba ake amatha kutsutsa. Wosadziwa amangolandira. Dziko nalo likamagulitsa miyala lisakutha kuiyeza lokha, limakhala ngati mlimi wachiwiriyu.

Rumphi si mlendo pa nkhani za migodi. Malasha akhala akukumbidwa ku Kaziwiziwi ndi ku Mchenga, kufupi ndi Livingstonia, kuyambira m'zaka za m'ma 1980. Timapiri tiwiri ta malasha tija, ta pa 1350 ndi 1590, akatswiri amatigwiritsa ntchito podziwa mmene malasha anakhwimira pansi pa nthaka. Makina omwewo amazindikira quartz mu fumbi la mumgodi, ndipo fumbi la quartz ndilo limayambitsa silicosis, nthenda youmitsa mapapo imene yavutitsa amuna ambiri a kuno amene anakagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Ku America ndi ku China ofufuza akuyesanso kuchotsa rare earths mu phulusa la malasha, chifukwa malasha akapsa, tizitsulo tochepa timene tinali m'kati timatsalira m'phulusalo. Ndipo kwa oyandikana nawo a ku Mzimba, amene amakumba aquamarine ndi miyala ina yokongola, makina a Raman amasiyanitsa mwala weniweni ndi galasi m'kanthawi kochepa, mwala osausweka.

Zimene mungachite

Simukuyenera kukhala ndi laser kuti nkhaniyi ikupindulireni. Kampani ikabwera m'dera lanu kudzatenga miyala kapena dothi lokayeza, muli ndi ufulu wofunsa pa msonkhano wa mfumu kapena wa komiti ya chitukuko. Ali ndi chilolezo chanji? Miyalayo akukayezera kuti? Zotsatira zikaperekedwa ku dipatimenti ya Geological Survey ku Zomba? Muli thorium kapena uranium wochuluka bwanji m'miyalayo, ndipo bungwe loona za radiation la AERA ndi loona za chilengedwe la MEPA akudziwa? Fumbi ndi madzi otsukira miyala zidzapita kuti? Mafunso amenewa si mwano. Kampani yolongosoka imakhala ndi mayankho ake.

Ngati muli ndi galimoto, musalole makaniko kuchotsa kabokosi kosefa utsi kaja chifukwa cha ndalama ya tsiku limodzi.

Ndipo ngati muli ndi mwana wa sekondale amene amakonda physics ndi chemistry, musamugwetse ulesi pomuuza kuti maphunziro amenewo alibe ntchito kuno. Yunivesite ya Livingstonia ili ku Khondowe konkuno, ya Mzuzu ili pafupi, ya MUST ili ku Thyolo, ya Malawi ili ku Zomba. Makina oyezera angagulidwe chaka chilichonse ndalama zikapezeka, koma munthu wotha kusiyanitsa 464 ya mchenga ndi 465 ya ceria amatenga zaka kuti aphunzitsidwe. Migodi ya Balaka ndi Phalombe ikamadzatumiza miyala kunja, padzafunika Amalawi okhala mbali ino ya tebulo, otha kuwerenga lipoti la wogula n'kunena ngati giredi yake ili yoona.